Zolemba za ntchito yokonza famase yathu m'chigwa cha Shire

5 Ogasiti 2024

Tagwirizana ndi eni sitolo kuti kuyambira mwezi uno mpaka mvula itakhazikika tikonze famase yathu, kuti mankhwala amene timagulitsa azifika m'manja mwa wodwala akadali ndi mphamvu yake yonse. Famaseyi ili m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Nchalo ndi Bangula. Timagwiramo atatu: ine amene dzina langa lili pachiphaso, mtsikana amene anaphunzira zamankhwala ku Malawi College of Health Sciences, ndi mnyamata wosesa ndi kunyamula katundu. Ndizilemba muno zimene tachita, zimene zatikanika ndi zimene zatsala, kuti anzathu a ku Nsanje ndi kutsidya kwa Shire, amene akulimbana ndi dzuwa lomweli, apeze poyambira.

Ziphaso zathu zili bwino, zapachikidwa pakhoma pamene aliyense angaziwerenge. Amazipereka ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA mwachidule, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board imene inalipo kuyambira 1988. Iwowa ndiwo amalembetsa mankhwala ololedwa m'dziko muno ndi kuyendera malo ogulitsira. Koma anzangawa ndawauza kuti ntchitoyi si yokonzekera oyendera ayi. Tikuichita chifukwa cha mayi amene wagulitsa nkhuku kuti agulire mwana mankhwala. Iye alibe njira yodziwira ngati botolo limene tamupatsa linapsa ndi dzuwa m'galimoto kapena pashelefu. Pilitsi lofooka ndi pilitsi lamphamvu maonekedwe ake ndi amodzimodzi. Mu 2017 bungwe la WHO linanena kuti m'maiko osauka ndi opezako pang'ono, pafupifupi mankhwala amodzi mwa khumi alionse amakhala osakwanira mlingo kapena achinyengo. Ena amachoka kufakitale ali oipa kale. Ena amaipira m'njira ndi m'masitolo, ndipo gawo limenelo ndi lathu.

19 Ogasiti 2024

Tagula zoyezera kutentha zitatu, za mtundu umene umasunga nambala yokwera kwambiri ndi yotsika kwambiri ya tsikulo. Chimodzi tachiika pashelefu ya pamwamba kukhoma la kumadzulo, china pafupi ndi kauntala, chachitatu m'firiji. Timawerenga potsegula m'mawa, cha m'ma 2 koloko masana ndi potseka, n'kulemba m'buku la chikuto cholimba, wowerengayo n'kusaina.

Makatoni ambiri amene tili nawo alembedwa kuti asungidwe pamalo osapitirira madigiri 30, ena 25. LA, mankhwala a malungo, ndi wa 30. Uno ndi Ogasiti, usiku anthu akufundabe, koma shelefu ya pamwamba ija masana ikufika kale pa 31. Chipinda chosungira katundu chilibe siling'i, ndi malata okhaokha. Aliyense wokhala kuchigwa kuno amadziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala kunja kumadutsa madigiri 40, ndiye pansi pa malata pamaposa apo.

Tayamba ndi zosafuna ndalama. Pashelefu ya pamwamba patsala mabandeji, thonje ndi mabotolo opanda kanthu. Mapilitsi, kapusozi, mankhwala amadzi, ngakhale makondomu, zonse zatsikira pakati ndi kukhoma la kummawa. Zimene tinkaika pawindo kuti odutsa aziona tazichotsa, taikapo makatoni opanda kanthu. Kuwala kwa dzuwa kumaononga mankhwala ena, n'chifukwa chake opanga amawaika m'mabotolo oderako.

Kuonongeka kwina kumaoneka ndi maso. Kapusozi amamatana, mafuta odzola amalekana, mankhwala oika kumusi amasungunuka, asipirini amanunkha viniga. Zimenezo n'zosavuta, timachotsa pashelefu basi. Chimene chimandisowetsa tulo ndi kuonongeka kosaoneka. Kutentha kumadya mankhwala monga anankafumbwe adyera chimanga m'thumba, kunja thumba lili bwinobwino. Tsiku lotha ntchito limene lalembedwa pakatoni limagwira pokhapokha ngati mankhwalawo asungidwa monga opanga ananenera. Akakhala miyezi itatu pa madigiri 40, tsiku lija silikunenanso zoona.

2 Seputembala 2024

Dzulo Lamulungu tinadzitsekera m'sitolo kuwerenga katundu yense, botolo ndi botolo. Chilichonse tsopano chili ndi khadi lake: dzina, mlingo, nambala ya batch (ya gulu la mankhwala opangidwa limodzi kufakitale), tsiku lotha ntchito, kumene tinagula ndi nambala ya lisiti. Pashelefu, chimene chithe ntchito msanga chili kutsogolo, ngakhale chitakhala kuti chinabwera dzulo. Chotsala ndi miyezi itatu tachimata kapepala kofiira.

Otha ntchito ndi okayikitsa tawatsekera m'bokosi lachitsulo lolembedwa kuti OSAGULITSA, kiyi ndikusunga ndine. Sitiwatenthera kuseri kwa sitolo, sitiwaponya m'chimbudzi kapena kudzala, kumene ana otola zinthu ndi mbuzi amafika. Adikira kuti akaonongedwe motsata malamulo, pakhale ndi chikalata chotsimikiza.

Mnyamata wathu anafunsa kuti nambala ya batch tikuvutikira kuilemberanji. Ndinamukumbutsa za ku Gambia mu 2022, kumene ana pafupifupi 70 anamwalira impso zitasiya kugwira ntchito, ndipo WHO inachenjeza za mitundu inayi ya mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine amene munapezeka poizoni wotchedwa diethylene glycol ndi ethylene glycol. Chenjezo lotere likatuluka, limatchula dzina la mankhwala ndi nambala ya batch. Sitolo yosalemba nambalazo singadziwe ngati inagulitsapo, ndipo singadziwe woti imutsatire.

16 Seputembala 2024

Kunabwera bambo wina ndi chikwama, wovala bwino, wolankhula mwaulemu. Anali ndi LA, amokisilini ndi jekeseni, mtengo wake theka la umene timagulira kwa oitanitsa a ku Blantyre. Makatoni ena anali ofufutidwa pamene pamakhala chizindikiro cha boma, ena malemba ake a Chipwitikizi okhaokha.

"Achimwene, lisiti ndi chiphaso chanu chogulitsira muli nazo?"

"Abwana, timagwirizana pamtengo basi, zamapepalazo n'zochedwetsa."

Ndinamuthokoza, n'kumuuza kuti sitigula. Ngati mankhwalawo achokera kuchipatala cha boma, ndiye kuti kwinakwake mwana wauzidwa kuti mankhwala atha. Ngati alowa mozemba kudzera m'malire, palibe amene angandiuze kuti akhala masiku angati pakabaza kapena m'bwato, padzuwa. Mankhwala olembedwa Chipwitikizi si oipa chifukwa cha chilankhulocho, koma amene sanalembetsedwe ndi PMRA sitingawaike pashelefu.

Talemba mndandanda wa oitanitsa amene tawaona ziphaso zawo, ndipo kunja kwa mndandandawo sitigula kanthu. Tasinthanso kabweredwe ka katundu. Katoni yomangidwa kumbuyo kwa minibasi, imene yaima pasiteji kudikira anthu n'kutsika mapiri a ku Thabwa masana, imafika kuno yotentha kukhudza. Tsopano katundu azinyamuka m'mamawa, m'kati mwa galimoto, ndipo wofunika kuzizira azibwera m'bokosi lozizira. Akafika timatsegula pomwepo, wobweretsayo asanachoke.

30 Seputembala 2024

Mmisiri wamaliza kuika siling'i m'chipinda chosungira, wapaka malata penti yoyera, waboola timazenera ta mpweya pamwamba pa khoma n'kutchinga ndi sefa chifukwa cha mileme ndi makoswe. Kunja kwa khoma la kumadzulo taika khonde la mphasa kuti dzuwa la madzulo lisamenye njerwa. Choyezera cha pashelefu chatsika ndi madigiri atatu kapena anayi. N'zolimbikitsa, koma sizikwanira pa zimene zikubwera.

Makina oziziritsa chipinda ndiwo yankho lenileni. Eni sitolo ati mtengo wake wawakulira, ndipo ndikuwamvetsa: chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chakwera, mankhwala omwe. Pakadali pano tagwirizana zochepetsa katundu wosunga. Tiziitanitsa pang'onopang'ono kawirikawiri, kuti pasakhale katoni yogona kuno nyengo yonse yotentha.

14 Okutobala 2024

Denga ndi mashelefu n'zosavuta, sizitsutsa. Ntchito yolimba ili pakauntala.

Talamula kuti mankhwala opha mabakiteriya, monga amokisilini, bakitilimu, fulajilu ndi doxycycline, sitigulitsa popanda kalata ya dokotala kapena kabuku ka kuchipatala, ndipo sitigulitsa oduladula. Lamuloli si lachilendo. Chachilendo n'kulitsata tsiku ndi tsiku, pamaso pa munthu amene ukumudziwa, amene mumapemphera naye.

Lachisanu kunabwera bambo wachikulire.

"Adokotala, mundipatseko kapusozi awiri ofiira aja, chifuwa chandivuta."

"Pepani bambo. Chayamba liti? Mukutentha thupi? Kuchipatala mwapitako?"

"Ayi, thupi langa ndimalidziwa. Ndikamwa awiri chimasiya."

Ndinawafotokozera kuti chimfine ndi chifuwa cha masiku awiri kawirikawiri chimayamba ndi mavairasi amene kapusoziyo sawakhudza n'komwe, ndipo chimasiya chokha. Ngati chili chibayo, awiri sangachize, angopha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba, timene mawa sitidzamvanso mankhwalawo. Ndinawauzanso kuti chifuwa chikapitirira sabata ziwiri akayezetse makhololo chifukwa cha TB. Anatenga panado, koma nkhope yawo sinali yokondwa. Ena akamva zimenezi amangotuluka n'kulowa muokala, kumene kapusozi yemweyo akugulitsidwa mmodzimmodzi m'botolo la maswiti. Zimandipweteka, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri sapempha awiri mwa chibwana. Ndalama imene ali nayo ndi ya awiri. Chaka chino chilala chawatha anthu, boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 ali pa ngozi, Chikwawa ndi Nsanje ali momwemo. Munthu amene akusankha pakati pa ufa ndi mankhwala sungamukalipire. Chimene timachita n'kumukumbutsa kuti kuchipatala cha boma salipira, kapena kumupezera mtundu wotsika mtengo wa mankhwala omwewo kuti akwanitse mlingo wonse.

Ndalama zolowa zatsika sabata ziwirizi, ndipo eni sitolo anaimba foni. Ndinawayankha kuti dziko lino linaona kale mankhwala akufa lili maso. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba fansida chifukwa malungo anali atasiya kumumva. Fansidayo nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinayamba LA. Panopa ku Rwanda, Uganda, Tanzania ndi Eritrea kwapezeka kale tizilombo ta malungo timene tikuchedwa kufa ndi artemisinin, amene ali mu LA wathuyu. Sindikufuna famase yathu ithandizire kumupha.

Choncho LA sitipereka kwa munthu amene sanayezetse magazi. Kutentha thupi konse si malungo. Kwa amene wapezeka nawo, timawerenga naye limodzi: kamwedwe kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, kachiwiri patatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo. Mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 pilitsi limodzi, 15 mpaka 24 awiri, 25 mpaka 34 atatu, woposa apo anayi. Amwere mkaka kapena phala la nsinjiro, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi pakakhala chamafuta. Asasiye pakati ati wapeza bwino, n'kusungira mng'ono wake otsalawo.

Gulu lina limene ndalitsegulira tsamba lakelake ndi anyamata odula nzimbe ndi akabaza. Amabwera madzulo thupi lonse likuphwanya, akufuna bufeni, diclofenac kapena indosidi, ena onse atatu. Munthu amene watha tsiku akutuluka thukuta padzuwa la kuno, osamwa madzi okwanira, impso zake zili kale pa ntchito yolemetsa, ndipo mankhwala amenewa amaziwonjezera katundu. Amapalanso m'mimba. Timawafunsa ngati mkodzo ukutuluka wochepa ndi woderako, timawauza ayambe amwa madzi, ndipo timapereka mtundu umodzi wokha, wa masiku ochepa, omwera pachakudya. Kawirikawiri panado amakwanira, koma nayenso ali ndi malire: wamkulu asapitirire mapilitsi 8 a 500mg pa tsiku, ndipo akumbukire kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi panado m'kati. Asipirini kwa ana sitipereka.

4 Novembala 2024

Dzuwa lafika pachimake. Chipinda chosungira chikusewera pa 32 ndi 33 masana, kutanthauza kuti tikadali pamwamba pa 30. Ndalemba momwemo m'buku, sindikufuna buku lokongola lonama. Mankhwala olembedwa 25 tawasamutsira m'kabati ya pansi m'chipinda cha pakati, chimene chili chozizira kuposa zonse, ndipo ena tasiya kuwasunga mpaka mvula igwe.

Firiji ndiyo yatitengera nthawi yambiri. Insulin, jekeseni wa odwala shuga, imafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo ikaundana yatha ntchito, ngakhale itasungunukanso. Firiji yathu ndi yapanyumba wamba, choncho taikonza motere: mankhwala pakati, osati pachitseko kapena kugunda khoma la kumbuyo, pansi ndi pachitseko mabotolo a madzi, kuti magetsi akathima kuzizira kuchedwe kutha, chakudya ndi zakumwa za antchito ayi. Pachitseko pali pepala lonena chochita magetsi akathima: lemba nthawi, usatsegule, yang'ana choyezera kunja, ikafika pa 8 samutsira m'bokosi lozizira, madzi oundana akulungidwe kuti asagundane ndi mabotolo.

Kudalira jenereta sikukuthandiza, mafuta akusowa m'dziko lonse masabata ano. Ndipo tonse tikukumbukira Januwale 2022, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira kumtunda kwathu kuno, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Eni sitolo avomera kugula sola ndi batire la firiji yokha. Zaikidwa Loweruka, ndipo usiku wa Lamulungu firiji inagona pa 5.

Funso lovuta linachokera kwa agogo ena a shuga ochokera kumudzi: "Mwanawe, ine firiji ndilibe, ndiye ndizitani?" Botolo limene layamba kugwiritsidwa ntchito limatha kukhala kunja kwa firiji pafupifupi sabata zinayi. Kafukufuku amene a Médecins Sans Frontières ndi University of Geneva anatulutsa mu 2021, potsata kutentha kwa kumsasa wa Dagahaley ku Kenya, anapeza kuti insulin inasunga mphamvu yake kwa sabata zinayi kutentha kukusinthasintha pakati pa 25 ndi 37. Zimenezi zimatonthoza, koma kuno nyumba ya malata imaposa 37. Agogowo tawalangiza kuika botolo m'kachitini kotseka bwino, kachitiniko m'mchenga wonyowa mumtsuko wadothi, mtsukowo pamthunzi podutsa mphepo. Azigula botolo limodzi pa nthawi, tsiku lotsegula tizilemba ife pabotolopo. Yoyera ikachita mtambo, kapena ina iliyonse ikachita timibulu, asabaye.

18 Novembala 2024

Sabata ziwirizi tinali pa malemba a patimatumba. Katumba kalikonse kazituluka ndi dzina la wodwala, dzina la mankhwala ndi mlingo wake, kamwedwe, tsiku ndi dzina la famase. Kwa osawerenga timajambula dzuwa likutuluka, dzuwa pamutu ndi mwezi, pansi pake timizere tosonyeza mapilitsi. Tikamaliza kufotokoza timapempha munthuyo atibwerezere. "Mwamva?" aliyense amati inde. "Tandiuzeni, mukamwa bwanji?" ndi pamene zimadziwika. Mtsikana wathu amalankhula Chisena bwino, ndipo agogo ambiri a kumunsi amamasuka naye kuposa ine. Wotumidwa, makamaka mwana, sitimupatsa mankhwala olimba.

Amokisilini wa ufa wa ana timasungunula tokha m'sitolo ndi madzi owiritsa ozizira, kufika pamzere weniweni. Mijigo yambiri kuchigwa kuno ndi yamchere, ndipo ena amatunga kumtsinje. Akasungunulidwa amakhala masiku ochepa, kawirikawiri 7, ndiye timalemba tsiku lotaya. Pamene dokotala walola, timakonda kupereka mapilitsi osungunuka m'madzi, chifukwa safuna firiji. Masupuni a kunyumba ndi osiyanasiyana kukula, choncho botolo lililonse likutuluka ndi kakapu kapena sirinji yoyezera.

Kambale kowerengera mapilitsi tikukapukuta tikangowerenga mtundu umodzi, ndipo mankhwala a gulu la penisilini ali ndi kambale kawokawo. Fumbi lake lokha likhoza kudwalitsa munthu amene thupi lake limawakana. Zala sizikhudzanso pilitsi.

Tatchinganso kangodya ndi bolodi n'kuikamo mipando iwiri. Pakauntala, anthu atadzaza kumbuyo, bambo wa matenda opatsirana pogonana amangoti "mutu", mtsikana wofuna za kulera amagula sopo n'kubwerera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Chiikireni kangodyako, anthu akunena chimene chawabweretsa, ndipo ambiri tikuwatumiza kuchipatala kumene akanayenera kuyambira.

25 Novembala 2024

Kunabwera mayi wina atafunda chitenje kumutu, milomo itatuluka matuza, maso ali psuu, thupi lonse zidzolo. Amafuna mafuta odzola. Titamufunsa, anatulutsa kapepala ka pulasitiki kopanda dzina, m'kati muli mapilitsi oyera amene anagula pamsika. Anali bakitilimu.

"Mayi, musamwenso ngakhale limodzi. Awa si a mafuta odzola ayi, tiyeni kuchipatala pompano."

Zizindikiro zotere zikhoza kukhala chiyambi cha Stevens-Johnson, vuto limene khungu limasupuka ndipo limapha. Tinamupezera njinga yamoto, ndinalemba kakalata konena chimene wamwa ndi masiku ake, mapilitsi otsala n'kupita nawo. Madzulo ndinadzaza fomu yodziwitsa PMRA za zovuta zobwera ndi mankhwala. Mafomuwa tsopano ali m'kabati ya pakauntala, osati m'faelo ya kumbuyo.

Kuyambira lero, tisanapereke chilichonse tizifunsa mafunso atatu: pali mankhwala amene munamwapo n'kutuluka ziwengo kapena kutupa? Pali ena amene mukumwa panopa, a kuchipatala kapena azitsamba? Ndipo kwa amayi, mwaulemu ndi motsitsa mawu, kodi ndinu oyembekezera kapena mukuyamwitsa? Lachiwirili n'lofunika kwambiri kwa amene ali pa ma ARV ndi mankhwala a TB. Mankhwala a kutentha pamtima okhala ndi magnesium kapena aluminium, ngakhale mapilitsi owonjezera magazi, amachepetsa kalowedwe ka dolutegravir, mmodzi wa ma ARV, akamwedwa nthawi imodzi, ndipo wodwala sangadziwe ngati sitimuuza.

9 Disembala 2024

Mitambo yayamba kusonkhana, ndipo kuchigwa kuno mvula imene imatiopsa si yogwa pano yokha, komanso yogwa kumtunda. Januwale 2015, Malichi 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023: nthawi zonsezi Shire, Ruo ndi Mwanza zinadzaza, misewu n'kuduka, anthu n'kukhala m'misasa.

Palibenso katoni yogona pansi. Zonse zili pamathabwa okwera, ndipo mankhwala odula ndi ofunikitsitsa ali m'mabokosi a pulasitiki otseka amene munthu mmodzi angawanyamule. Tagwirizana ndi mwini nyumba ina yapamtunda kuti chenjezo likamveka pa wailesi tikasungitse kumeneko. Masamba a mabuku athu tikuwajambula pafoni Loweruka lililonse. Ndalembanso, ndipo tonse tasaina, kuti mankhwala alionse amene akhudzidwa ndi madzi osefukira alowa m'bokosi la OSAGULITSA. Sitidzawayanika padzuwa, ngakhale katoni itaoneka youma mawa lake. Madzi amenewo amakhala atadutsa m'zimbudzi.

Apa lamulo lathu losunga katundu wochepa lagundana ndi nyengo. Msewu ukaduka, a BP, a shuga ndi a khunyu sangadikire. Wa khunyu akasiya phenobarbitone kapena carbamazepine mwadzidzidzi akhoza kugwa koopsa kuposa kale. Popeza kutentha kwayamba kutsika, tawonjezera mankhwala a matenda amenewa, ndipo odwala athu okhazikika tikuwakumbutsa kuti asadikire pilitsi lomaliza.

Tadzazanso Thanzi, zinc ndi klorini. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo chigwa chino chinali mwa madera oyamba kukhudzidwa. Paketi imodzi ya Thanzi ndi ya lita imodzi ya madzi otetezedwa, osati kapu, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Mwana wotsegula m'mimba amwe zinc masiku 10 mpaka 14, ngakhale kutsegulako kutasiya. Wobwera akutsegula madzi oyera ngati otsukira mpunga sitimugulitsa kapusozi kapena mankhwala omanga m'mimba. Timamuyambitsa Thanzi pomwepo, azimwa ali m'njira yopita kuchipatala.

20 Januwale 2025

Tawerenganso katundu yense. Makadi ndi mashelefu zikugwirizana, kupatula timatumba tochepa ta panado, timene tapeza kuti tinalembedwa pakhadi la mlingo wina. Buku la kutentha lilibe tsiku lodumpha chiyambireni. Firiji sinatulukepo pakati pa 2 ndi 8 chiikireni sola. Anthu opempha kapusozi awiri akubwerabe, koma ayamba kubweranso ena atanyamula kabuku ka kuchipatala osauzidwa, ndipo azachipatala cha pafupi akutitumizira odwala pamene mankhwala ena awathera. Ndalama zolowa sizinabwerere pamene zinali mu Seputembala.

Zotsala ndi izi. Bokosi la OSAGULITSA ladzaza, ndipo kalata yopempha kuti katunduyo akaonongedwe, pamodzi ndi mndandanda wake, ndatumiza sabata yatha. Chozimitsira moto chikufunika kudzazidwanso mwezi wa mawa. Mnyamata wathu akufunika kuphunzitsidwa kulandira katundu wozizira, kuti tsiku limene ine ndi mtsikanayu tatanganidwa bokosi lisadikire pakhonde.

Chachikulu ndi kutentha kwa chipinda chosungira. Buku likuonetsa poyera kuti kuyambira pakati pa Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Disembala masana ambiri tinali pamwamba pa 30, siling'i ndi penti zili pomwepo. Masamba amenewo ndawajambula n'kutumiza kwa eni sitolo pamodzi ndi mtengo wa katundu amene anali m'chipindamo. Avomera kuti tidule chipindacho pakati ndi khoma, gawo laling'ono likhale ndi makina oziziritsa oyendera sola, ndalama zake tizipatula mwezi ndi mwezi kuti zikhale zitaikidwa pofika Ogasiti. Mmisiri abwera Lachinayi kudzayeza khomalo, ndipo mankhwala amene anakhala m'chipindamo nyengo yotentha yonse ndawalemba padera kuti ndifunse oitanitsa ndi opanga ngati tingawagulitsebe. Mpaka atayankha, ali m'kabati yokhoma.